Si Kupuma Konse Kuli Tchuthi: Kusiyanitsa Leave, Holiday, Vacation ndi Mawu Anzake

Munthu akafika pa ofesi ya khonsolo n'kupeza kuti amene amamufuna palibe, yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti, “Ali pa tchuthi.” Kwa mlendo yankholi ndi lokwanira, pakuti chimene iye akufuna kudziwa ndi tsiku loti adzabwerenso. Koma m'mafayilo a ku ofesi yoona za ogwira ntchito mulibe mawu akuti tchuthi. Makalata, mafomu ndi malamulo a ntchito m'dziko muno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo pamene Chichewa chimangoti tchuthi kapena kupuma, Chingerezi chili ndi mawu oposa khumi. Mawuwa ndi apachibale, koma sali ofanana. Ena amasunga malipiro a munthu, ena amawadula pakati, ndipo ena ndi chiyambi cha kutha kwa ntchito.

Phunziro lino likulongosola mawuwa limodzi ndi limodzi, pofuna kuthandiza alembi, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, alonda, otolera ndalama m'misika ndi onse amene amalemba kapena kulandira makalata a pantchito.

Mafunso atatu oyezera mawu

Njira yapafupi yosiyanitsira mawuwa ndi kufunsa mafunso atatu pa liwu lililonse. Loyamba: kodi wapereka mpata wopumawo ndani, mwini ntchito, boma, dokotala, kapena munthu wadzipatsa yekha? Lachiwiri: kodi malipiro akupitirira onse, theka, kapena ayima? Lachitatu: kodi nthawiyo ikatha, ntchito ikumudikira munthuyo kapena ayi? Liwu lililonse la Chingerezi lonena za kupuma limayankha mafunsowa mwa njira yakeyake. Amene wagwira mafunso atatuwa sasokonezeka ngakhale atakumana ndi liwu lachilendo m'kalata.

Leave: chilolezo, osati kuchoka

Ambiri amaganiza kuti “leave” ya pa fomu ndi liwu lomwe lija lotanthauza kuchoka kapena kusiya. Malembedwe ake ndi amodzi, koma ndi mawu awiri a mizu yosiyana. “Leave” ya pantchito idachokera ku liwu la Chingerezi chakale lotanthauza chilolezo. Tanthauzo limeneli likadalipo m'makhoti, kumene “leave to appeal” ndi chilolezo chochita apilo, osati kuchoka m'bwalo la milandu. Dzina lake lonse ndi “leave of absence”, ndiko kuti chilolezo chosapezeka pa ntchito.

Apa ndiye pagona nkhani. Leave simunthu kunyamuka. Ndi munthu kuloledwa. Wogwira ntchito amene wadzaza fomu, n'kuisiya pa tebulo la mkulu wake, iye n'kukwera basi fomuyo isanasainidwe, sali pa leave. Wapempha, koma sanapatsidwe. N'chifukwa chake Chingerezi chili ndi mawu atatu otsatizana: “to apply for leave”, kupempha, “to be granted leave”, kupatsidwa, ndi “to proceed on leave”, kuyamba tchuthicho. Kulumpha liwu lapakatilo ndi kumene kumagwetsa anthu m'mavuto.

Pa kalembedwe, leave siisintha ikachuluka. Wolemba “two leaves” wanena masamba awiri a mtengo. Cholondola ndi kuwerenga masiku: “ten days' leave” kapena “ten days of leave”.

Mitundu ya leave ndi zimene lamulo limanena

Lamulo lalikulu loona za ulembedwe wa ntchito m'Malawi ndi Employment Act la chaka cha 2000. Lamuloli limakhudza makampani, mabungwe ndiponso boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Chimene limapereka ndi mlingo wochepetsetsa. Malamulo a pantchito a m'boma, a khonsolo kapena a kampani akhoza kupereka masiku ochulukirapo, koma sangathe kupereka ochepera pamenepo.

“Annual leave” ndi tchuthi cha pachaka. Gawo 44 la lamuloli limapereka masiku osachepera 18 kwa amene amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku osachepera 15 kwa amene amagwira masiku asanu. Malipiro amapitirira onse. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti masikuwa ndi “working days”, masiku ogwira ntchito, osati “calendar days”, masiku onse a pa kalendala. Mlembi wogwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu akatenga masiku 15, amakhala kunyumba masabata atatu athunthu, pakuti Loweruka ndi Lamulungu saziwerengera. Kalata ikanena kuti “15 consecutive days”, ndiye kuti masiku 15 otsatizana, ndipo munthu abwerera patangotha masabata awiri ndi tsiku limodzi. Liwu limodzi lokha lasiyanitsa pafupifupi sabata yathunthu.

Palinso mawu akuti “leave grant” amene ogwira ntchito m'boma amawadziwa bwino. Ameneŵa sanena masiku, koma ndalama yapadera yoperekedwa pokhudzana ndi tchuthi cha pachaka. Kulandira ndalamayo sikutanthauza kuti munthu wapuma, ndipo kupuma sikutanthauza kuti ndalamayo yalowa. Ndi nkhani ziwiri zoyenera kulondolozedwa padera.

“Sick leave” ndi mpata wopuma chifukwa cha matenda. Gawo 46 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro m'chaka chimodzi. Chimene chimasandutsa kudwala kukhala sick leave ndi kalata ya dokotala wovomerezeka, “medical certificate”. Munthu akhoza kudwala ndithu mpaka anansi onse n'kuchitira umboni, koma popanda kalatayo fayilo yake imangoonetsa kuti sanabwere ku ntchito.

“Maternity leave” ndi tchuthi cha uchembere. Gawo 47 limapereka masabata osachepera asanu ndi atatu pa malipiro onse m'zaka zitatu zilizonse, ndipo lamulo limaletsa kuchotsa mayi ntchito chifukwa chakuti ndi woyembekezera. Mu 2021 lamuloli lidakonzedwa, ndipo padawonjezedwa “paternity leave”, masabata awiri a bambo wa mwana, kamodzi pa zaka zitatu. Mawu awiriwa amasiyana ndi chilembo choyamba chokha: “mater” ndi mayi m'Chilatini, “pater” ndi bambo.

“Compassionate leave” ndi masiku operekedwa mwachifundo, makamaka pa maliro kapena pa matenda aakulu a wachibale wapafupi. “Study leave” ndi chilolezo chopita kukaphunzira. “Unpaid leave”, kapena “leave without pay”, ndi chilolezo chosapezeka pa ntchito popanda malipiro, ntchito ikumudikira mwini wake. Mitundu itatuyi kutalika kwake ndi zoyenera kukwaniritsa zimapezeka m'malamulo a pantchito a malo amene munthu akugwira. Pa compassionate leave pamafunika kusamala ndi mawu akuti “immediate family”. M'mudzi, mwana wa mlongo wa bambo ndi m'bale weniweni ndipo maliro ake salumphidwa. Koma m'Chingerezi cha m'maofesi mawuwa amakhala opapatiza, ndipo kawirikawiri amaloza mwamuna kapena mkazi, ana ndi makolo. Maliro akakhala a wachibale amene sali pa mndandandawo, njira yabwino ndi kupempha masiku kuchokera pa annual leave, osati kungonyamuka poyembekeza kuti abwana adzamvetsa.

Holiday: tsiku la onse

“Holiday” idachokera ku mawu awiri a Chingerezi chakale otanthauza tsiku loyera. Poyamba lidali tsiku la chikondwerero cha mpingo, pamene anthu amasiya ntchito n'kupita kukapembedza. M'kupita kwa nthawi liwuli lidayamba kutanthauza tsiku lililonse lopuma.

“Public holiday” ndi tsiku limene boma lakhazikitsa kuti dziko lonse lipume. M'Malawi masikuwa ndi monga 1 Januwale, 15 Januwale, pokumbukira John Chilembwe, 3 Malichi, pokumbukira amene adafera ufulu wa dziko lino, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, 6 Julayi, tsiku la ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala, tsiku la anakubala, Eid al-Fitr, komanso 25 ndi 26 Disembala. Tsiku lotere munthu salipempha ndipo sadzaza fomu. Sili la munthu mmodzi monga leave, koma la onse pamodzi.

Komabe chipatala sichitseka pa 6 Julayi, ndipo msika sutha kusiyidwa wopanda mlonda pa Khrisimasi. Gawo 39 la Employment Act limasiyanitsa mitundu itatu ya ovataimu. Maola owonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipidwa kamodzi ndi theka. Kugwira ntchito pa tsiku lopuma la munthuyo, “day off overtime”, ndi kugwira pa tsiku la tchuthi cha boma, “holiday overtime”, kumalipidwa kawiri. Mwachitsanzo, ngati ola limodzi la munthu ndi K1,000, ola la ovataimu wamba ndi K1,500, pamene ola la pa holide ndi K2,000. Wodzaza fomu ya ovataimu amene sadziwa kusiyana kwa mayinawa akhoza kudzibera yekha.

Ku Britain masiku otere amatchedwa “bank holidays”. Dzinali lidayamba ndi lamulo la mu 1871 limene Sir John Lubbock adabweretsa ku Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, lolola mabanki kutseka pa masiku ena a chaka. Wachibale wa ku London akanena kuti Lolemba ndi bank holiday, sakutanthauza kuti ogwira ntchito ku banki okha ndiwo akupuma. Ku Britain komweko, holiday imatanthauzanso tchuthi cha pachaka ndi ulendo wokasangalala. “She is on holiday” ndi mawu a tsiku ndi tsiku, pamene “She is on annual leave” ndi mawu a mu ofesi. Chingerezi cha m'Malawi chidatengera njira imeneyi, n'chifukwa chake ana a sukulu amati ali pa holide teremu ikatha.

Vacation: liwu la ku America

“Vacation” idachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kukhala wopanda kanthu kapena womasuka. Ku muzu womwewo kudachokera “vacant” ndi “vacancy”. Mawuwa asasokonezedwe: vacancy ndi malo a ntchito opanda munthu, aja amalengezedwa m'nyuzipepala, ndipo “to vacate a post” ndi kusiya udindo. Wolemba kuti akufuna “to vacate” kwa masabata awiri, pamene amafuna kunena za tchuthi, walemba kalata yofanana ndi yotula pansi udindo.

Ku America, vacation ndi chimene a ku Britain amati holiday, kutanthauza masiku opuma a munthu payekha. Holiday ku America ndi tsiku la dziko lonse, monga 4 Julayi, ndipo “the holidays” ndi nyengo ya kumapeto kwa chaka. Motero mlendo wa bungwe lothandiza pa chitukuko wochokera ku Washington akalemba kuti “I will be on vacation”, ndipo mnzake wa ku Edinburgh akalemba kuti “I will be on holiday”, onse anena chinthu chimodzi. Ku Britain vacation imagwiritsidwa ntchito makamaka ponena za nthawi imene mayunivesite ndi makhoti atseka.

Kusiyana kwa mawuwa kumayenda limodzi ndi kusiyana kwa malamulo. Ku Britain wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi ufulu wa masiku 28 olipidwa pa chaka, ndipo mwini ntchito akhoza kuwerengera ma bank holiday mkati mwake. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza olemba ntchito kupereka vacation yolipidwa. Zimadalira mgwirizano wa pantchito. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri akugwira ntchito, lamulo la mu 1997 limapereka masiku 21 otsatizana pa chaka. Pa fomu ya khonsolo m'Malawi, liwu loyenera ndi leave. Vacation ndi holiday ndi za pocheza.

Day off, off day, off duty ndi break

“Day off” ndi tsiku lopuma la munthu malinga ndi ndandanda ya ntchito, lija ambiri amati ofu. Gawo 36 la Employment Act limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Kwa mlembi wa mu ofesi tsikuli limagwa kumapeto kwa sabata. Kwa namwino kapena mlonda likhoza kugwa Lachitatu. Day off sichotsedwa pa masiku a annual leave.

Mawu omwewa akatembenuzidwa, tanthauzo limasintha. M'Chingerezi cha ku Britain, “an off day” ndi tsiku limene munthu zinthu sizikumuyendera, monga wosewera mpira amene akuphonya zigoli zoonekeratu. Kuno ambiri amati “off day” ponena za tsiku lopuma ndipo amamvana, koma m'kalata yopita kunja kapena m'lipoti la kwa othandiza pa chitukuko, cholondola ndi “day off”.

“Off duty” ndi munthu amene waweruka, nthawi yake ya ntchito yatha. “On call” ndi munthu amene ali kunyumba koma akhoza kuitanidwa nthawi iliyonse, monga dalaivala wa ambulansi usiku. Woteroyo sanamasuke kwenikweni: sangapite kutali kapena kuzimitsa foni. “Time off in lieu” ndi nthawi yopuma yoperekedwa m'malo mwa maola owonjezera amene munthu adagwira. “In lieu” ndi mawu ochokera ku Chifalansa otanthauza m'malo mwa.

“Break” ndi kupuma kwa kanthawi mkati mwa tsiku la ntchito, buleki ija ana a sukulu amaidziwa. Pali “tea break” ndi “lunch break”. Munthu wa pa buleki akadali pa ntchito ndipo akuyembekezeka kubwerera pa mpando wake. Koma liwu lomweli lili ndi mbali ina yolemera. “A break in service” ndi kuduka kwa zaka za utumiki, pamene munthu adasiya ntchito n'kudzalembedwanso. Popeza maufulu ena, monga sick leave, amadalira kugwira ntchito mosalekeza, mawu amenewa akapezeka m'fayilo ya munthu ndi oyenera kuwafunsa bwino.

Recess ndi adjournment: kupuma kwa msonkhano

Mawu ena sanena za munthu koma za bungwe. “Recess” ndi nthawi imene Nyumba ya Malamulo kapena khoti layamba lapuma. Aphungu akakhala pa recess sali pa leave. Akadali aphungu, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene anthu a m'madera awo amayembekeza kuwaona. Ku America ana a sukulu amatchulanso buleki yawo kuti recess.

“To adjourn” ndi kuimitsa msonkhano kuti udzapitirire nthawi ina. Wapampando wa khonsolo akati “The meeting is adjourned to Thursday”, zokambirana zidzapitirira Lachinayi pamene zidalekezera. “To postpone” ndi kusuntha msonkhano umene sunayambe n'komwe, ndipo “to cancel” ndi kuuthetseratu. “Adjourned sine die” ndi kuimitsa popanda kutchula tsiku lobwerera. Alembi a makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ayenera kusamala ndi mawuwa polemba maminitsi, pakuti msonkhano wolembedwa kuti “cancelled” pamene udangoimitsidwa umaoneka ngati mfundo zake zidatayidwa.

Sabbatical ndi furlough

“Sabbatical” idachokera ku liwu la Chihebri la Sabata. Buku la Levitiko, mutu 25, limanena za kupumitsa munda chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, nzeru imene mlimi aliyense wogoneka munda amaidziwa. Mayunivesite adatengera ganizoli, ndipo Harvard ku America idayamba kupereka mpata wotere kwa aphunzitsi ake mu 1880. Sabbatical ndi nthawi yaitali, miyezi ingapo mpaka chaka, imene mphunzitsi wa ku yunivesite amasiya kuphunzitsa kuti achite kafukufuku kapena alembe buku. Imasiyana ndi study leave: wa study leave amapita kukapeza digiri kapena satifiketi, pamene wa sabbatical amapita kukakulitsa ntchito imene adaiphunzira kale.

“Furlough” idachokera ku liwu la Chidatchi lakuti “verlof”, limene mpaka lero m'Chiafrikaans limatanthauza chilolezo kapena tchuthi. Kale liwuli linkanena za asilikali ndi amishonale obwerera kwawo kukapuma atatumikira zaka zingapo kutali. Masiku ano limatanthauza kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi chifukwa chakuti ntchito yachepa kapena ndalama zasowa, popanda kulakwa kwa wogwira ntchitoyo. Lidamveka kwambiri mu 2020 pa mliri wa Covid-19, pamene boma la Britain lidayamba kulipira 80 peresenti ya malipiro a anthu oimitsidwa motere, mpaka mapaundi 2,500 pa mwezi. Ndondomekoyo idatha mu Sepitembala 2021. Wa furlough amayembekezeka kubwerera. Wa “lay-off” kapena “retrenchment” kawirikawiri ntchito yake yatha, ngakhale kuti sanalakwe. Choncho “day off” ndi “laid off”, ngakhale zimamveka mofanana m'khutu, zili kutali ngati kum'mawa ndi kumadzulo.

Mawu amene si tchuthi konse

Pali anthu ena amene abale awo amati ali pa tchuthi pofuna kubisa manyazi, pamene kalata imene ali nayo ikunena zina. “Suspension” ndi kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi, ndipo Employment Act imaitchula pakati pa zilango, limodzi ndi chenjezo lolembedwa ndi kutsitsidwa udindo. “Interdiction”, liwu lodziwika kwambiri m'boma, lidachokera ku Chilatini chotanthauza kuletsa. Ndi kuletsa munthu kugwira ntchito yake pamene nkhani yake ikufufuzidwa kapena ili ku khoti. Interdiction payokha si chigamulo chakuti munthu ndi wolakwa. Wolandira kalata yotere awerenge mosamala zimene yanena pa malipiro, pa nthawi yake, ndi ngati akuloledwa kuchoka m'boma limene akugwira ntchito.

“Forced leave” kapena “administrative leave” ndi kutumizidwa kunyumba ndi olemba ntchito, kawirikawiri pofuna kupereka mpata wa kafukufuku. Liwu la leave lilimo, koma munthu sanapemphe. “Dismissal” ndi kuchotsedwa ntchito, “resignation” ndi kusiya mwa kufuna kwa mwini, ndipo “retirement” ndi kupuma pantchito chifukwa cha ukalamba kapena matenda. Apa Chichewa chimatha kusocheretsa, pakuti “wapuma” akhoza kukhala wa buleki ya tiyi kapena wa penshoni.

Oopsa kuposa onse ndi mawu akuti “absence without leave”, kusapezeka pa ntchito popanda chilolezo, ndi mnzake “abscondment”, kuthawa ntchito osanena kumene munthu ali. Gawo 59 la Employment Act limaika kujomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka pakati pa zifukwa zochotsera munthu ntchito mosapereka notisi. Ngakhale zili choncho, gawo 57 limafuna kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe pa chifukwa cha khalidwe lake. Amene akuona kuti sanaweruzidwe mwachilungamo akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku bwalo la Industrial Relations Court.

Anthu awiri akhoza kusowa pa ntchito masiku asanu ofanana, onse ali pa maliro amodzi. Wina adaimba foni, nadzaza fomu, nalandira siginecha. Winayo adangotuma mnzake kuti akanene. M'fayilo ya woyamba mudzalembedwa “compassionate leave”, m'fayilo ya wachiwiri “absent without leave”. Chisoni chawo ndi chimodzi, koma wina malipiro ake ndi athunthu pamene mnzake akuyankha mlandu.

Kalembedwe ka kalata yopempha

Kalata yabwino yopempha tchuthi imatchula zinthu zinayi: mtundu wa leave, chiwerengero cha masiku, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi tsiku lobwerera ku ntchito. Chiganizo chonga ichi ndi chokwanira: “I apply for ten working days of annual leave from 3 to 14 August inclusive, and will resume duty on 17 August.” Liwu lakuti “inclusive” limatsimikiza kuti tsiku lomalizalo lili mkati mwa tchuthi. “To resume duty” ndi kuyambiranso ntchito, ndipo lisasokonezedwe ndi “to assume duty”, kumene ndi kuyamba ntchito pa udindo watsopano.

Timawu tating'ono timene timatsogolera mayinawa natonso tili ndi malo ake. Munthu amakhala “on leave”, “on holiday”, “on vacation” kapena “on a break”. Amakhala “off duty” kapena “off sick”. Nyumba ya Malamulo imakhala “in recess”. Ndipo woimitsidwa amakhala “on suspension” kapena “under interdiction”.

Ndi bwinonso kusiya kalata yopatsirana ntchito, “handover note”, yofotokoza amene atsale akugwira ntchitoyo. Tchuthi cha munthu mmodzi sichiyenera kutseka ofesi. Mlimi amene wayenda makilomita ambiri pa njinga kudzasainitsa chikalata sayenera kubwerera chimanjamanja chifukwa chakuti mwini kiyi ali pa leave. Pomaliza, wopempha asunge kope la fomu yosainidwa, pakuti pakabuka mkangano chimene chimayankhula ndi pepala.

Zoyeserera

Owerenga ayese kupeza liwu loyenera la Chingerezi pa nkhani zisanu izi. Yoyamba: mlonda wa pa msika amapuma Lachiwiri lililonse malinga ndi ndandanda. Yachiwiri: mphunzitsi waloledwa kupita ku koleji zaka ziwiri kukachita digiri. Yachitatu: wotolera ndalama wauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba pamene mabuku ake akufufuzidwa. Yachinayi: msonkhano wa makhansala waima masana ndipo upitirira mawa. Yachisanu: mlembi wapita kumudzi kukakolola sabata yathunthu, fomu yake ili m'dirowa yosasainidwa.

Mayankho ake ndi awa, motsatizana: day off, study leave, interdiction, adjournment, absence without leave.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wogwira ntchito aliyense amene walandira kalata yokhala ndi liwu limene sakulimvetsa apite nayo ku ofesi yoona za ogwira ntchito ya khonsolo asanasaine, ndipo afunse mafunso atatu aja: walola ndani, malipiro ayenda bwanji, ndipo ntchito ikudikira kapena ayi. Akuluakulu a nthambi nawonso akupemphedwa kutchula mtundu weniweni wa tchuthi m'makalata awo ndi kuyankha mafomu msanga, kuti wopempha adziwe pamene waima asananyamuke.